Makina Amodzi pa Mafomu Anayi

Amene anachenjeza anthu anali Ennie, ndipo mwa onse amene sanamvere chenjezolo, woyamba anali Ennie yemweyo.

Linali Lachiwiri masana, mu Juni wa 2006, pakhonde la Mayi Gwanda ku Area 25, mumzinda wa anthu ambirimbiri. Amayi asanu ndi atatu anali atakhala, ena pamkeka, ena pa zidebe zotembenuza. Ennie anaima kutsogolo, mwana wake Thokozire ali kumbuyo, ndipo anatenga khala n'kulemba mawu a tsikulo pa chitseko chakale chimene ankachiyesa bolodi: collateral.

"Tiyeni tonse. Kolatero."

"Kolatero!"

"M'Chichewa ndi chikole. Ndi katundu amene mumalembetsa kuti mukakanika kubweza ngongole, eni ndalama abwere adzanyamule. Ndibwerezenso, amayi: adzanyamule. Chonde musalembetse chinthu choti chikapita mudzalira."

"Tamva, madamu," anatero Pamela, wogulitsa kaunjika pamsika, uku akusenda mbatata yootcha. "Koma ine ndikabereka wamwamuna dzina ndi lomweli. Kolatero. Likumveka ngati la ana a mabwana a ku Area 10."

Anthu anafa nalo phwete. Ennie nayenso anaseka, pang'ono chabe, poopa kuti akapanda kuseka amuona ngati wodzimva.

Nkhani inali yoti m'deralo munabwera bungwe lina lobwereketsa ndalama kwa amayi a geni. Ndalamazo sankapatsa munthu payekha ayi, koma gulu, ndipo mapepala awo onse anali m'Chingerezi. Wapampando wa gulu anali Mayi Gwanda, wogulitsa makala, amene anamusankha chifukwa mawu ake ankamveka mpaka kumpopi. Koma wofika Folomu 4 anali Ennie yekha. Satifiketi analibe, masamu anamugwetsa kawiri, koma Chingerezi anakhoza bwino ndithu. Choncho amayiwo anaona kuti munthu woyenera kuwatsogolera pa nkhani za ndalama ndi amene analephera masamuyo. Anamusankha kukhala mlembi, ndipo Lachiwiri lililonse ankawaphunzitsa mawu awiri kapena atatu, kuti akuluakulu a bungwe akamalankhula iwo asamangogwedeza mitu ngati agulo.

Loni ndi ngongole. Dipoziti ndi ndalama imene umayamba wapereka usanalandire kanthu. Balansi ndi imene yatsala, ndipo Zipora, wokazinga mandasi, anati mawu amenewo asamuvutitse nawo chifukwa kwake sikutsala kanthu. Tsiku la intelesiti panavuta.

"Ndi chiwongoladzanja," anatero Ennie. "Ndalama imene ngongole imabereka inu muli m'tulo."

"Ndiye katapila ameneyo," anatero Zipora.

"Ayi, katapila ndi wa m'makwalala. Uyu amapereka lisiti."

"Katapila wovala taye," anatero Pamela, ndipo phunziro linathera pomwepo.

Mawu onsewa Ennie ankawalemba m'kope, Chingerezi kumanzere, tanthauzo kumanja, pakati atajambula mzere ndi rula. Amayiwo ankamulipira ndi tomato kapena kajumbo ka makala. Koma malipiro enieni anali liwu lija loti madamu. Akalimva, khosi linkatalika lokha.

Kuchoka pa bolodi paja, Ennie anali munthu wamantha. Chitseko ankachiyesa katatu atakhoma. Thoko akagona nthawi yaitali, ankamuika chala pamphuno kuti amve ngati akupuma. Ndalama ankabisa malo atatu, kuti wakuba akapeza amodzi asamalize zonse. Msewu wa M1 ankawoloka pokhapokha galimoto yomaliza itazimiririka cha ku Kanengo. Ndipo maso ake sankaphonya kanthu: ankadziwa amene wasintha nsapato, amene walira usiku, amene wagula nyama n'kuibisa m'chitenje. Amuna ake a Gilford, amene ankanyamula mabelo a fodya ku Kanengo, ankati, "Amake Thoko, inu mukanakhala mlonda akuba akanasiya ntchito, koma inuyo mukanafa ndi mtima sabata yoyamba."

M'nyumba yawo ya lendi ya zipinda ziwiri munali chinthu chimodzi chokha chamtengo: makina osokera opukusa ndi dzanja, akuda, a maluwa agolide osuluka. Thabwa lake la pansi linali long'aluka pangodya imodzi, pamene anagwera kuchoka pangolo kalekale. Ndi makina amenewa Ennie ankasokera mayunifomu a ana a sukulu ndi kuchepetsa madiresi a kaunjika. Koma sanali ake. Anali a mayi ake ku Ntcheu, ndipo tsiku lomupatsa anamuuza momveka: "Ndakubwereka, sindinakupatse. Mng'ono wako Belinda akamaliza sukulu adzawafuna. Makina amenewa ndi amene anandilerera nonsenu."

Patapita masabata awiri chiphunzitsire mawu aja, kunamveka kuti Lachisanu a Godwin, woyang'anira ngongole wa bungwe lija, ayenda nyumba ndi nyumba kuona chikole. Aliyense wofuna K12,000 ankayenera kuonetsa katundu woposa mtengo umenewo. Apa m'pamene amayi anayang'ana m'nyumba zawo n'kuona mkeka, mbaula ndi mapoto.

Lachinayi madzulo Mayi Gwanda anafika kwa Ennie, n'kulowa odi ali mkamwa.

"Amake Thoko, m'dera muno mukudziwa mmene timakhalira. Kukabwera apongozi timabwerekana mipando. Pamaliro timabwerekana mapoto. Chaka chatha diresi la Zipora linakwatitsa anthu atatu. Nanga wobwera mawayu si mlendo?"

"Amayi, makinawa si anga."

"Ndiye bwino kwambiri, ndi ozolowera kubwerekedwa. Angokhala patebulo panga mphindi khumi basi. Mlendo akatuluka, nawonso atuluka."

Ennie anatsala pang'ono kunena kuti ayi. Iye ndi amene analemba pachitseko paja ndi dzanja lake, iye ndi amene anati ndibwerezenso.

"Inu madamu mukakana," anapitiriza Mayi Gwanda mofatsa, "gulu latha lisanayambe. Nanga ife osaphunzirafe tidalira ndani?"

Khosi linatalika.

"Nyumba imodzi yokha," anatero Ennie.

Zinakhala nyumba zinayi, kuwerengera ndi yake.

Chimene chinawathandiza ndi ngalande yaikulu imene inadula deralo pakati. Njinga yamoto ya a Godwin inkayenera kuzungulira kumsewu wa fumbi, pamene makina ankadutsa m'mipata ya mipanda ali pamutu pa Pamela. Ennie ankabwera pambuyo pake, mafomu m'manja, Thoko akulumphalumpha kumsana, iye akunong'oneza mokweza, "Pang'onopang'ono, Pamela! Singano!" Pa nyumba iliyonse ankasintha chofunditsa. Kwa Ennie inali nsalu yoluka yoyera, kwa Mayi Gwanda chitenje chobiriwira, kwa Zipora thaulo. Kwa Pamela anafika njinga ikumveka kale pakona, ndiye anangoponyapo thewera la Thoko lochapa.

A Godwin anali bambo wamfupi, wovala jekete lachikopa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, wolankhula mawu awiri a Chichewa, lachitatu la Chingerezi. Ankalowa, n'kuvundukula, n'kupukusa chogwirira kamodzi, n'kunena kuti, "Lembani, a mlembi." Ndipo Ennie ankalemba ndi dzanja lake lokongola lija limene aphunzitsi ankalitama ku sekondale: One sewing machine, black. Kenako ankasayina ngati mboni, a Godwin n'kusayina m'munsi mwake kutsimikiza kuti aona ndi maso awo. Pepala lapamwamba ankatenga iwo, la kaboni linkatsala ndi mlembi.

"Koma kuno matelala alipo," anatero a Godwin pa nyumba yachinayi.

Ennie anaseka mokweza kwambiri moti Thoko anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Koma ali mkati moseka anaona chinthu. Chala cha a Godwin chinali pangodya yong'aluka ija, chikuisisita. Anali atachita chimodzimodzi kwa Zipora, kwa Mayi Gwanda, ndi kwa iye yemwe. Masiku atatu otsatira Ennie ankadzidzimuka ndi galimoto iliyonse, akudikira apolisi. Koma m'malo mwa apolisi, Lachiwiri kunabwera ndalama.

Miyezi itatu zinthu zinayenda bwino. Lachiwiri lililonse amayi ankasonkhana pakhonde paja, aliyense n'kupereka gawo lake la sabata, a Godwin n'kulemba malisiti n'kumapita, kenako Ennie n'kutenga khala lake. Anaphunzitsa pulofiti, anaphunzitsa bajeti, anaphunzitsa sevingizi. Anayamba kuvala nsapato zotseka pobwera ku maphunzirowo, ngakhale zinkamuluma kuchidendene. Tsiku lina anangozindikira akuuza wogulitsa usipa pamsika kuti, "Balansi yanga, Amayi," ndipo mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zija n'kunena kuti, "Chenji, eti?"

Kenako Pamela anaoda belo la kaunjika ndi ndalama zake zonse, ndipo atalidula anapeza majuzi aubweya ndi zipewa zoluka. Munali mu Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Sabata yoyamba anapereka theka. Yachiwiri anatumiza uthenga kuti akumva mutu. Yachitatu alandilodi ake anapeza kiyi pansi pa mwala, m'nyumba mutatsala majuzi okhaokha. Ena ankati wapita ku Mchinji, ena ku Kasungu.

Lamulo la bungwe linali lakuti mmodzi akapanda kupereka, msonkhano sutha mpaka anzake amusonkhere. Anasonkha kamodzi akudandaula. Anasonkha kachiwiri akutukwana. Ulendo wachitatu palibe amene anamasula mfundo ya chitenje.

A Godwin anavula chisoti cha njinga n'kukhala pampando wokhawo umene unalipo. "Amayi, apa tili pa difoti. A mlembi, munawaphunzitsa mawu amenewa?"

"Sitinafikepo," anayankha Ennie chapansipansi.

"Mwafika lero. Difoti ndi pamene munthu wasiya kubweza. Ngongole ya a Pamela yatsala K7,400. Tiwerengereni fomu yawo timve chikole, muwatanthauzirenso anzanuwa."

Ennie anatulutsa pepala la kaboni. Zolemba zake zinali zowongoka bwino, zokongola mochititsa manyazi.

"Matiresi amodzi. Wayilesi imodzi." Anatsitsa mawu. "Makina osokera amodzi, akuda."

"Matiresi ndi wayilesi wathawa nazo," anatero Mayi Gwanda, maso ali pansi. "Koma makinawo ndikumva kuti anawasungitsa kwa amake Thoko."

"Anawasungitsa?" Ennie anawayang'ana mmodzimmodzi. "Amayi, nonse pano mukudziwa kuti makina amenewa ndi a ndani. Zipora, si iwe unawafunditsa thaulo?"

Zipora anapeza ntchito yochotsa kanthu kuchala chakuphazi.

"Ine ndimadziwa zimene zili papepala, Amayi," anatero a Godwin. "Ngati pepala likunena zoona, mawa eyiti koloko tibwera kudzatenga katundu wa a Pamela. Ngati likunama, imeneyo ndi nkhani ina. Ndiye kuti pafunika kufunsa kuti analemba ndani, anasayina umboni ndani, ndipo ofunsa ake si ine, ndi apolisi. Tiuzeni, a mlembi. Likunama?"

Thoko ankamukoka tsitsi kumbuyo. Ennie anatsegula pakamwa, ndipo munthu amene anakhoza Chingerezi uja anasowa mawu m'zinenero zonse ziwiri.

Msonkhano utatha Mayi Gwanda anamuperekeza mpaka pangalande.

"Mwana wanga, usandione ngati mfiti. Nanenso ndili ndi ana asanu, makala sakuyenda. Makina agulitsidwe, ngongole ya Pamela ithe, gulu lipitirire. Tikadzalandira ulendo wachiwiri tidzasonkha tikugulire ena."

"Ena a mayi anga?"

"Makina ndi makina. Ndiponso unatiuza wekha kuti chikole chimanyamulidwa. Ife tinamva bwinobwino." Anamusisita paphewa. "Wilibala ndabwereka kale."

Ennie anawoloka ngalande akuganiza chinthu chimodzi chopusa: kuti tsopano wasanduka iwe, ndipo madamu uja anathawa limodzi ndi Pamela.

A Gilford anafika dzuwa likulowa. Msika wa fodya unali utatsekedwa, ndiye masiku amenewo ankagwira ganyu yokweza njerwa m'malole, ndipo anabwera ali ofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anapeza akazi awo atakhala pansi moyang'anizana ndi makina, kope la mawu lili pamwendo, mbaula ili zii.

"Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Nzeru zanga, bambo a Thoko."

Anawafotokozera zonse, kuyambira thaulo la Zipora mpaka wilibala. A Gilford anamvetsera, kenako anakoka chidebe n'kukhalapo.

"Ndiye kuti makinawa anayenda nyumba zinayi tsiku limodzi? Ine nditangowasuntha pang'ono kuti ndiike wayilesi munandikwiyira sabata yathunthu."

"Musaseke."

"Sindikuseka. Ndikungodabwa kuti munthu amene amayesa chitseko katatu anatulutsa yekha katundu pakhomo."

"Ananditcha madamu."

"Basi?"

"Basi. Anzanga amagulidwa ndi ndalama, ine anandigula ndi liwu limodzi ndi tomato anayi."

A Gilford anakanda kumutu, fumbi la njerwa n'kugwera pamkeka. "K7,400 tilibe, mukudziwa. Ndipo za apolisizo zikundiopsa."

Ennie zinali zitamuopsa kale. M'maganizo anali atafika kundende, atameta mpala, atasankhanso amene adzalere Thoko. Anatulutsa mapepala a kaboni anayi aja n'kuwayala pamkeka kuti aone bwino kukula kwa mlandu wake. Dzina lake linalipo kanayi, losayinidwa mosamala. M'munsi mwake, kanayinso, munali siginecha ina, yaikulu, ya mchira wopindika. Anaiyang'ana, kenako anayang'ana ngodya yong'aluka ija.

"Bambo a Thoko, a Godwin sangapite kupolisi."

"Chifukwa?"

"Ankadziwa. Anasisita mng'alu uwu m'nyumba zonse zinayi, ndinawaona ndi maso angawa. Ankafuna kuti gulu likwane mabwana awo awayamikire, ndiye anasayina kanayi kuti aona makina anayi. Akanditengera kupolisi, mapepala awa akawatengera komweko nawonso."

"Eya! Ndiye mawa muwauze zimenezi pamaso pa anthu."

Ennie anayesa kuziona mmene zidzakhalire. Eyiti koloko, wilibala pakhomo, amayi asanu ndi awiri, jekete lachikopa, ndi iyeyo ataima pakati. Mwina akanayamba bwino. Kenako wina akanakweza mawu, kapena, choipa kwambiri, wina akanati madamu, ndipo akanapezeka akuthandiza kukweza makina pawilibala, n'kuwauzanso kuti asamale singano.

"Ndidzawauza," anatero. "Koma ndidzawauza makina atafika kale ku Ntcheu. Ine ndimadzidziwa. Ndimalimba mtima pokhapokha palibe choti andilande."

"Nanga amayi anzanu? Akudani."

"Andida, inde. Ngongole ya Pamela tidzasonkha tonse, nanenso gawo langa ndidzapereka, ngakhale ndizisoka ndi singano ya pamanja. Aliyense alire pang'ono, osati mayi anga alire okha."

Ennie anaimirira. Anapisa dzanja m'chitini cha mchere, kenako kuseri kwa kalendala, kenako m'nsapato yotseka ija, n'kutulutsa ndalama m'malo onse atatu. Zinakwana minibasi mpaka kudepoti, basi ya ku Ntcheu, ndi pobwerera ngati sagula ngakhale nthochi panjira. Mapepala a kaboni anawapinda n'kuwaika m'kope la mawu, kope n'kulilowetsa pansi pa makina, n'kumanga zonse ndi zitenje ziwiri.

"Mayi anu mukawauza chiyani?"

"Kuti ndabweza zimene anandibwereka nthawi isanakwane. Zinazo akamva kwa ena." Anakoka mfundo ndi mano. "Minibasi yoyamba imanyamuka kusanache. Mundinyamulire mpaka pasiteji, tidzere kuseri kwa tchalitchi, osati kwa Mayi Gwanda. Akabwera ndi wilibala yawo muwapatse pokhala, muwauze kuti mlembi abwera Lachisanu."

"Ndikudzutseni nthawi yanji?"

Ennie anawayang'ana.

"Mundidzutse? Inu mukuganiza kuti ndigona?"